Nyumba ya Pamtsetse ku Tsangano

Nditangoyamba ntchito ya uphunzitsi anandituma ku Tsangano. Ndinafika pa vila, katauni ka pa boma, ndi mkazi wanga, mwana wathu woyamba, wamkazi, ali kumsana. Katundu wathu yense anakwana m'matumba a feteleza ndi m'beseni limodzi. Nyumba za pashikola zinali zitadzaza kale, choncho tinapeza zipinda ziwiri za lenda kuseri kwa loja ina, sitolo ya pafupi ndi msika. Eni ake anali amayi ena amasiye, olankhula modekha. Tsiku la malipiro ankabwera okha n'kukhala pakhonde, kucheza za nyengo ndi za matenda a nkhuku mpaka nditawapatsa zawo.

Kwathu ndi ku Chidzolomondo, ku Makanga, ndipo kuzizira kwa ku Tsangano ndinali ndisanakuonepo. Nkhungu inkatsika m'mapiri n'kulowa m'nyumba kudzera pansi pa chitseko. Mwana ankayamba kutsokomola mu Junyu n'kudzasiya mphepo ya Agoshitu itatha. Koma kuzizirako tinakuzolowera.

Mtengo wa zipinda pa vila unkayendera kachewere. Anthu akayamba kukumba, ogula ankabwera ndi makamiyawu, malole akuluakulu, kuchokera ku Tete ndi kwina kutali, ndipo aliyense ankafuna pogona ndi posunga matumba. Eni nyumba ankadziwa zimenezi. Chaka chachiwiri amayi aja anakweza lenda. Chaka chotsatira anabwera tsiku losakhala la malipiro, anakhala pakhonde, kenako anati:

"Sinyolo pulofesolo, musandione ngati mfiti. Pali munthu wa kamiyawu akufuna zipinda zonse ziwiri, ndipo walipiriratu mpaka mvula idzagwe. Inenso ndili ndi ana a shikola."

Sindinawatsutse. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Tinapeza chipinda china kutsidya kwa vila, ndipo njira yopita kumeneko inkadutsa pakati pa msika. Tinasamuka masana, anthu ali piringupiringu. Mkazi wanga anasenza beseni la miphika ali ndi pakati pa mwana wachiwiri, ine ndinanyamula mphasa ndi meza yodyerapo. Makolo a ana amene ndinkaphunzitsa ankatipatsa moni mwaulemu, maso ali pa miphika yathu yakuda. Titafika, mkazi wanga anatula beseni, anakhala pansi kupuma, ndipo anati:

"Bambo a mwana, miphika iyi sindidzadutsanso nayo pamsika. Tikadzasamukanso, tidzasamukire m'nyumba mwathu."

Malo tinawapeza kwa bambo ena okalamba a mumpingo mwathu, a banja lakale la kumeneko, amene makolo awo anabwera ndi ng'ombe kalekale. Anali ndi mtsetse kumapeto kwa vila, pamene kale panali khola lawo. Dothi lake linali lakuda ndi ndowe, ndipo kutsogolo, mbali yoyang'ana kotulukira dzuwa, kunali mzere wa mitengo ya mapichesi. Kuno nthaka sagulitsa, ndi ya boma, aliyense amadziwa. Choncho pamaso pa sekeletariyu wa bairu, mkulu woyang'anira dera lathu, ndi mboni, chimene ndinagula chinali mitengo ya mapichesi ija ndi thukuta limene bambowo anakhetsa posamalira malowo. Mapichesi amenewo anandidyera malipiro a miyezi ingapo. Anzanga a pashikola ankaseka kuti ndagula kutchire, kodzera afisi.

Shikola itatsekera ndinapita kwathu kukauza bambo anga. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu, kusintha mashapa, timabasi tonyamula anthu, mbali yomaliza wapansi. Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya.

Bambo anamangapo nyumba ya njerwa ndi malata nkhondo isanafike kwathu. Ine sindiikumbukira bwino, chifukwa ndinali wamng'ono pamene tinathawira ku Malawi. Titabwerera mtendere utabwera, tinapeza malata kulibe, zitseko kulibe, ndipo m'chipinda chawo munali mutamera mtengo wa msuku wotalika kuposa zipupa. Sanamangenso ya njerwa. Ankakhala m'nyumba ya udzu, ndipo ndalama za fodya zikabwera ankagula ng'ombe kapena mbuzi.

"Ababa, ndapeza malo ku Tsangano. Ndikufuna ndimange."

"Ya njerwa?"

"Ya njerwa, ya malata."

"Nanga boma likakusamutsa?"

"Ndidzaona nthawi yomweyo."

Anapitiriza kusoka, tsamba ndi tsamba. Patapita nthawi anati, "Ng'ombe zimene ndinapita nazo ku Malawi zinayenda zokha. Nyumba ndinaisiya ili chiimire, kiyi wake ali m'thumba langa."

M'mawa ndikutsanzika ananditengera kukhola, anandilozera nkhunzi ina yofiira, nati imeneyo idzakhale malata anga, ndikadzafika pa denga ndidzanene.

Njerwa tinaumba tokha m'chilimwe. Madzi anali kumunsi kwa mtsetse, ndipo mkazi wanga ankatunga ndi amayi anzake a mumpingo, khanda lili kumsana. Ine ndikaweruka ndinkavula malaya a kuntchito n'kulowa m'dzenje kuponda dothi. Nkhuni zootchera zinali zitayamba kusowa m'mapiri a pafupi, moti tinagula ngolo za bulugama kwa anthu a ku Ntengo-Wambalame. Uvuni woyamba unakumana ndi mvula yoyambirira tisanauyatse, ndipo njerwa za mbali imodzi zinasungunuka n'kubwerera kudothi. Tinaumbanso chaka chinacho.

Simenti anali ndi khalidwe lake. Nthawi iliyonse imene ndasonkhanitsa ndalama zokwanira mtengo umene ndinamva, ndinkakapeza atakwera. Ena ankati ndi mafuta a galimoto, ena ankati ndi ndalama za kunja, wa m'loja ankangoti, "Mukafuna wa dzulo, mukanabwera dzulo." Mmisiri wathu, pedireru wodziwa ntchito ndithu, analinso ndi dimba lake la kachewere. Nthawi yobzala kapena yokumba ikafika ankasowa osatsanzika, chipupa n'kutsala chili m'chiuno, udzu n'kumera pamwamba pake. Maziko atatha ndinaona kuti pa liwiro limeneli ana adzakula nyumba isanathe, choncho ndinatenga ngongole ya kubanki, ya mtundu uja amadula okha pa malipiro munthu usanawaone. Kuyambira pamenepo zotsala zinkatha mwezi uli pakati. Nyama inachoka pakhomo. Nsapato zanga za kuntchito zinasokedwa mpaka wosoka anakana.

Panalinso zina zimene tinasiya. Mkazi wanga anamaliza desima, kalasi ya khumi, tisanakwatirane, ndipo ankafuna kukachita maphunziro a zaumoyo. Tinagwirizana kuti apite denga likatha. Denga litatha tinati mawindo. Mawindo asanathe anabadwa mwana wachitatu, ndipo nkhaniyo inangosiya kutchulidwa. Inenso ndinali ndi mwayi wochita maphunziro apamwamba, amene munthu amawerenga ali kunyumba n'kumapita kukalemba mayeso. Mnzanga amene tinafika naye pashikola chaka chimodzi anachita zimenezo. Iye anakhalabe m'nyumba ya lenda, anagula mota, njinga yamoto, ndipo ndalama zake zinkapita ku mabuku ndi mayeso. Tsiku lina atandiona ndikulowa m'kalasi zikhadabo zili ndi dothi anati:

"Kolega, nyumba sikweza malipiro. Chimene chimakweza ndi pepala."

Ankanena zoona. Posakhalitsa anakhala diretolo, mphunzitsi wamkulu wa shikola ina, kenako anamuitana ku maofesi a boma. Ine ndinatsala pamene ndinayambira.

Titafika pa denga ndinatumiza uthenga kwathu. Nkhunzi ija inagulitsidwa kwa opha nyama, ndipo ndalama zake zinagula malata ndi misomali, matabwa ndinawonjezera ndekha. Tinalowa m'nyumbamo isanathe. Zipupa zinali zosapaka, mawindo tinatseka ndi njerwa zouma n'kusiya kampata kamwamba, m'malo mwa zitseko za mkati munali matumba osoka pamodzi. Simenti wa pansi anakwana pabalaza ndi zipinda ziwiri zakutsogolo, kwinako mkazi wanga anazira ndi dothi. Koma mwezi unatha popanda munthu wobwera kudzakhala pakhonde. Mkazi wanga anakhoma misomali pamene ankafuna osapempha munthu, anabzala mpiru ndi anyezi kuseri, anaweta nkhuku. Dzuwa likangotuluka linkafika pakhonde kudzera m'mapichesi, ndipo ana ankaothera pamenepo asanapite kushikola.

Bambo anga anabwera kamodzi kokha. Anazungulira nyumba yonse, anagogoda chipupa ndi ndodo, anayang'ana mmene matabwa anamangidwira ndi waya. Masana ake kunagwa mvula yamphamvu tili pabalaza, ndipo malata opanda siling'i anachita phokoso moti tinasiya kulankhulana. Bambo anakhala atayang'ana kumwamba mpaka mvula inakata.

"Phokoso limeneli ndinali nditaliiwala," anatero.

Anamwalira chaka chotsatira, fodya ali m'chigafa. Amayi anatsala okha ndi ng'ombe ndi minda. Mlongo wanga, amene akanayenera kukhala nawo, anakwatiwa ku Malawi nthawi ya kuthawa ija ndipo sanabwerere. Tinawatenga amayi kuti adzakhale nafe ku Tsangano. Anapirira mpaka chisanu chitayamba, kenako anamanga katundu wawo m'nsalu. Anati mafupa awo sagwirizana ndi dziko limeneli, ng'ombe zikuonda m'manja mwa eni ena, ndipo manda a amuna awo alibe wolambula. Anabwerera. Patangopita miyezi ingapo anagwa pochokera kuchitsime, ndipo anagona pansi nthawi yaitali asanawaone anthu odutsa.

Ndinamva za mphunzitsi wina wa ku Tsangano amene ankagwira ntchito ku Makanga, pashikola ina yoyandikana ndi mudzi wathu, ndipo ankafunitsitsa kubwerera kwawo. Tinapempha kusinthana malo, ndipo patapita nthawi anatilola. Boma silinandisamutse ayi, ndinadzisamutsa ndekha.

Funso linali la nyumba. Nyumba yopanda munthu akuba amayamba ndi zitseko n'kumalizira malata. Komanso mwana wathu wamkulu anali atayamba sekundariya, imene inali pafupi, pamene kwathu akanayenda mtunda wautali kapena kukagonera kwa anthu. Tinagwirizana kuti mkazi wanga atsale ndi ana, ine ndipite ndekha, tizionana shikola ikatsekera.

Ku Makanga anandipatsa kanyumba ka pashikola komangidwa ndi makolo, kadothi, kofolera udzu. Mvula ikagwa ndinkasuntha mphasa kufuna pouma, mabuku ndinkasunga m'thumba la pulasitiki. Madzulo ndinkapalasa njinga kukaona amayi, kuwerenga ng'ombe, kumva madandaulo a oweta. Kubanki ankadulabe zawo mwezi ndi mwezi. Ana a shikola atamva kuti ndili ndi nyumba ya malata ku Tsangano sanakhulupirire, ndipo sindinalimbane nawo.

Nyumba nayo sinasiye kudya. Chaka china mphepo ya mu Outubulu inasasula malata a mbali ya kuseri n'kukawaponya m'munda wa eni. Mkazi wanga anandiimbira foni zonse zitachitika kale: anali atagulitsa nkhuku, ataitana pedireru uja, atakhomanso. Chaka china chimbudzi chinagumuka ndi mvula. Chiswe chinalowa m'matabwa a khonde. Ndalama zimene ndinkatumiza sizinkakwana, choncho mkazi wanga anasamutsira ana onse kuseri n'kupereka zipinda ziwiri zakutsogolo kwa munthu wa lenda. Anali wogula kachewere, bambo wa ku Angoniya, wonenepa, woseka msanga. M'chipinda chimodzi ankagona, m'chinacho ankaunjika matumba mpaka kudenga. Mbatata zina zinkaola pansi pa mulu, ndipo fungo lake linalowa m'zipupa ndi m'zovala za ana. Simenti wa pansi anang'ambika ndi kulemera. Koma ankalipira pa nthawi yake. Nyengo yokumba itafika mkazi wanga anamukwezera lenda, ndipo iye analipira osadandaula.

Zaka zimenezo vila inakula kulowera kumbali kwathu. Ndinkaona kusinthako bwino kuposa okhala pomwepo, chifukwa ndinkabwera patalipatali. Ulendo wina ndinapeza kanjira ka ng'ombe kodutsa kutsogolo kwa mapichesi katakulitsidwa kukhala msewu woyenda makamiyawu. Ulendo wina ndinapeza mapolo a magetsi. Anansi athu akale, amene anali ndi nyumba za udzu, anagulitsa mmodzimmodzi n'kusamukira kumapiri. M'malo mwawo munabwera amalonda ndi ogwira ntchito m'boma, omanga ndi mabuloko a simenti, malata autoto, mipanda yaitali ya zipata zachitsulo. Nyumba yathu inakalamba isanathe. Pakati pa zinzake inkaoneka ngati munthu wobwera ku ukwati ndi zovala za kumunda.

Bambo okalamba amene anatipatsa malo ndinakumana nawo potuluka m'tchalitchi. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mapichesi aja ndinakupatsani baratu, motchipa kwambiri. Ana anga sandilankhula bwino mpaka lero."

Ndinawayankha kuti nthawi imeneyo kunali kutchire. Anavomera ndi mutu, anati nawonso amawauza zomwezo, ndipo anapita.

Amene anabwera ndi nkhani yogula anali wa lenda yemwe uja. Malonda anali atamuyendera, anali ndi makamiyawu akeake. Anadikira kuti ndibwere pa feliya, tchuthi cha kumapeto kwa chaka, anagula zakumwa, tinakhala pakhonde. Anati akufuna malo onse, ndipo anatchula mtengo. Zinali ndalama zimene sindinazigwirepo, ngakhale kuziona pamodzi. Ndinamuuza kuti nyumbayo ndi yosatha, adzafunika kupaka ndi kuika zitseko.

"Ayi, sinyolo pulofesolo, zimenezo musavutike nazo. Nyumbayi ndigwetsa. Ine ndikufuna malo, pali msewu apa. Ndimanga alumazeni yosungiramo katundu, makamiyawu azilowa mpaka mkati."

Ananena mopanda chipongwe, ngati mmene munthu amanenera za kuzula chitsa m'munda. Ndinayang'ana chipupa cha pakhonde. Njerwa zina zinali ndi zidindo za zala, ndipo ndinkatha kusiyanitsa za uvuni woyamba ndi za wachiwiri poona mtundu. Ndinamuuza kuti ndiganize.

Ndinaganiza ndithu, ndipo maganizo anga anapendekera kogulitsa. Ngongole ikanatha tsiku limodzi. Ku Chidzolomondo malo sindikanagula, dothi ndi nkhuni zili pafupi, ndikanamanga nyumba yabwino pafupi ndi amayi n'kutsala ndi zogulira ng'ombe. Banja likanakhala pamodzi. Mwana wamng'ono anali atayamba kundipatsa moni ngati mlendo, atagwada patali. Ndinakafunsanso mnzanga wa mota uja ku ofesi kwake. Iye anali atagula nyumba yothaitha ku Ulongwe, ya matailosi, osaumbapo njerwa ngakhale imodzi. Anati ndigulitse msanga, mitengo yotere imabwera ndi kachewere ndipo ikhoza kupita ndi kachewere. Komabe ndinayendayenda pa vila kufunsa mitengo ya malo ena, kuti mwina tingagule pena n'kumanganso. Ndinapeza kuti monga mmene akugulira kwa ine modula, enanso akugulitsa kwa ine modula. Malo amene tikanakwanitsa anali kuseri kwa phiri, kopanda madzi, ndipo ndi mtengo wa simenti wa nthawi imeneyo zotsalazo sizikanafika pa denga.

Mkazi wanga anandisiya ndiyende masiku onsewo osanena maganizo ake. Tsiku limene ndinamufotokozera za kumanga kwathu anali akusankha nyemba m'lichero. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Kwanuko ndikakhala m'nyumba ya ndani?"

"Yathu. Ndimanga ine."

"Pa nthaka ya abale anu. Inu mukadzatsogola, ine ndine mtengwa, adzandithokoza n'kundionetsa njira ya kwathu. Pano sekeletariyu ndi mboni amadziwa kuti ndi pa inu ndi ine. Madzi a njerwa izi ndinasenza ndi mutu uwu."

Ndinati abale anga si otero. Anati mwina si otero lero, ndili moyo. Ndinatchula za mwana wamkulu, amene anali atamaliza sekundariya ndipo ankafuna kukaphunzira unamwino ku Tete. Maphunzirowo ankafuna ndalama zimene tinalibe, ndipo popanda kugulitsa akanakhala pakhomo. Apa mkazi wanga anasiya kusankha nyemba.

"Ameneyo apita. Sakhala pakhomo ngati ine. Munthuyu wati akufuna msewu, si choncho? Timupatse msewuwo. Nyumba atisiyire."

Anakambirana naye yekha, ine ndili pambali. Wamalondayo poyamba anakana, anati kutsogolo kokha n'kochepa, kamiyawu singatembenuke. Mkazi wanga anamuuza kuti akafune pena pamene pali msewu ndi magetsi, ndipo anatchula malo onse a mumsewumo ndi amene anawatenga kale. Bamboyo anaseka, anapita, anabweranso patapita masiku. Anagwirizana mtengo woposa theka la umene anatchula poyamba. Sekeletariyu anabwera ndi mboni, anakoka chingwe kuchokera kumsewu mpaka pafupi ndi khonde lathu, n'kutisiyira kanjira m'mbali kotulukira. Mapichesi anagwera mbali yake, ndipo anadulidwa sabata yomweyo.

Ndalamazo zinagwira ntchito imene tinazifunira. Ngongole inatha. Mwana anapita ku Tete. Nyumba inapakidwa mkati ndi kunja, tinachotsa njerwa m'mawindo n'kuika magalasi, zipinda zonse zinalandira zitseko, tinakoka magetsi. Wa lenda uja atatuluka tinakonza pansi pong'ambika paja, ndipo fungo la mbatata linatha patapita nyengo imodzi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito ndinalandira malipiro athunthu, ndipo ndinagula nsapato ndi matiresi a kanyumba ka ku Makanga.

Alumazeni inamangidwa msanga, chifukwa mwini wake sankadikira malipiro a mwezi. Ndi yaitali kuposa nyumba yathu, ndipo msana wake wayang'ana khonde lathu. Dzuwa tsopano limafika pakhomo nthawi ya chakudya cha masana itayandikira. M'miyezi yozizira m'nyumba mumakhala ngati m'mtsuko, zovala zimachedwa kuuma, ndipo chipupa chakutsogolo chimamera ndere chaka ndi chaka ngakhale tichipale. Madzi a padenga la alumazeni amatsikira kwathu. Mkazi wanga anakumba ngalande, anakangana ndi mwini wake, iye anaika mipaipi mbali imodzi, mbali inayo mpaka lero akuti aika. Nyengo ya kachewere makamiyawu amayamba kulira kusanache, ndipo onyamula matumba amakodza m'kanjira kathu. Munthu wina wodziwa za malonda a nyumba anandiuza kuti nyumba yobisika kumbuyo, yopanda msewu, ikhoza kupeza wa lenda koma wogula n'zokayikitsa. Mitengo ya malo a mumsewumo inapitirirabe kukwera, ndipo chigawo chimene tinagulitsa chija lero chikanagula nyumba yathu yonse ndi zina. Mkazi wanga akamva zimenezi amangoti sitinkagulitsa lero.

Mwana wamkulu anamaliza, ndipo akugwira ntchito pachipatala china chakumudzi. Wachiwiri ali ku sekundariya. Amayi anga akadali moyo, maso ndiwo achita mdima, ndipo sindingawasiye. Choncho ndikadali ku Makanga, m'kanyumba ka pashikola, kamene makolo anakafoleranso chaka chatha. Ndikawerengera nthawi imene ndagona m'nyumba ya ku Tsangano chiimangireni, zaka zoyamba zija ndi mafeliya onse pamodzi, ndimapeza kuti wa kachewere uja anagonamo kuposa ine. Zaka zopuma pa ntchito zayandikira, ndipo mkazi wanga akuti chipinda chakutsogolo adzachisandutsa changa chowerengeramo, ngati maso adzakhale akuonabe m'mdima umenewo.

Feliya yapitayi ndinafika pa vila masana, nditanyamula thumba la mtedza wochokera kwa amayi. Pa alumazeni panali mlonda watsopano, bambo wachikulire wovala chijasi chachitali. Nditakhota kulowa m'kanjira kathu anaimirira n'kunditsekera njira ndi ndodo.

"Pepani bambo, mukufuna ndani? Uku kulibe njira, ndi kunyumba kwa amayi ena."

Ndinamuuza kuti ndikupita kwa amayi omwewo. Anayang'ana thumba langa, anayang'ana fumbi la m'miyendo, nati ngati ndikugulitsa mtedza ndidikire pomwepo akawaitane. Ndinatula thumba n'kudikira. Mkazi wanga anatulukira akupukuta manja pachitenje, ndipo atandiona anaseka mpaka anagwira chipupa.

"Asiyeni alowe, ndi abambo a kunyumba."

Mlondayo anavula chipewa, anapepesa kambirimbiri, anandilanda thumba kuti andinyamulire. Kanjirako n'kopapatiza, sitikanatha kuyenda mogundizana, choncho anatsogola iye, pambuyo pake mkazi wanga, ine pomalizira. Titafika anatula thumba pakhonde, ndipo mkazi wanga anamutapira mtedza m'mbale kuti akakazinge.